Kodi gasi wophikira adzatha? Phunziro kwa amalonda

Anthu ambiri amene akufuna kusiya makala amafunsa funso limodzi asanagule chitofu cha gasi: kodi gasiyu azipezekabe zaka zikubwerazi, kapena ndalama zingolowa m'madzi? Funsoli ndi lalikulu kwa eni malesitilanti, okazinga tchipisi ndi alimi a nkhuku amene amafunditsa anapiye ndi gasi, chifukwa gasi akasowa ntchito imaima. Yankho lake ndi lakuti padziko lapansi gasi alipo wambiri. Akasowa ku Malawi, vuto limakhala pamsewu kapena kubanki.

Kumene gasi amachokera

Gasi wa m'masilinda, wotchedwa LPG, ndi mitundu iwiri yosakaniza: propane ndi butane. Palibe amene amakumba chitsime kuti apeze propane yekha. Amapezeka poyeretsa gasi wachilengedwe wochokera pansi pa nthaka, komanso poyenga mafuta amene amatulutsa petulo ndi dizilo. Malinga ngati ntchito ziwirizi zikupitirira, LPG azitulukabe. Dziko la United States ndilo limagulitsa kunja gasi wotereyu wambiri kuposa mayiko onse, ndipo Saudi Arabia, Qatar ndi United Arab Emirates nawonso amagulitsa wochuluka.

Mtengo wake umayambira kumeneko. Kampani ya Saudi Aramco imalengeza mtengo wa tani imodzi mwezi uliwonse, m'madola, ndipo ogula ambiri amatsatira umenewo. Kuyambira cha mu Novembala mpaka Febuluwale, mayiko a kumpoto amakhala m'chisanu ndipo amatenthetsa nyumba ndi propane, choncho mtengo umakonda kukwera nthawi imeneyi.

Pamene pamaduka chingwe

Malawi alibe fakitale yoyenga mafuta ndiponso alibe doko la panyanja yamchere. Gasi yense amalowa pa magalimoto kuchokera m'mayiko ena monga Tanzania, Mozambique ndi South Africa. Njira ikasokonekera, masilinda amatha m'masitolo. Mu Malichi 2019, namondwe wa Idai anawononga mzinda wa Beira n'kudula msewu wotuluka m'dokolo, katundu n'kuima.

Ku South Africa nako zinthu zinasintha. Fakitale yoyenga mafuta ya Engen ku Durban inasiya ntchito itapsa mu Disembala 2020, ndipo ya Sapref inaima mu 2022. Tsopano dzikolo limadalira kwambiri gasi wobwera pa sitima kudzera ku Richards Bay ndi Saldanha Bay. Sitima ikachedwa kumeneko, ogula a m'mayiko opanda doko ndiwo amadikira kwambiri.

Chopinga china chachikulu ndi ndalama zakunja. Gasi amagulidwa ndi madola koma kuno amagulitsidwa ndi makwacha. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Madola akasowa m'mabanki, oitanitsa gasi amalephera kulipira ngakhale katundu ali mbwee kudoko. Bungwe la MERA ndilo limaika mtengo umene ogulitsa sayenera kupitirira, choncho wamalonda ayenera kutsatira zilengezo zake.

Nkhani yolimbikitsa ndi ya ku Inhassoro m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, kumene fakitale ya kampani ya Sasol inakonzedwa kuti izitulutsa matani pafupifupi 30,000 a LPG pachaka. Cholinga chake choyamba ndi kukwaniritsa msika wa ku Mozambique komweko, komabe gasi wopangidwa pafupi amachepetsa kulimbirana wa pa sitima.

Zimene wamalonda angachite

Choyamba, adziwe mlingo umene amagwiritsa ntchito. Alembe tsiku limene watsegula silinda ndi limene yatha. Ngati silinda ya makilogalamu 19 imatha m'masiku 10, ndiye kuti pamwezi pakufunika makilogalamu 57, ndipo mtengo wake ulowe powerengera mtengo wa mbale iliyonse ya chakudya.

Chachiwiri, akhale ndi silinda yachiwiri yodzaza. Ikangolumikizidwa kuchitofu, yopanda kanthuyo ipite kokadzazitsa tsiku lomwelo. Gasi saonongeka ndi kukhalitsa, choncho wosunga sataya kanthu, bola silindayo ili yabwino. Iziimikidwa chilili pamalo opita mphepo, kutali ndi moto.

Chachitatu, aziyezetsa pa sikelo. Kulemera kwa silinda yopanda kanthu kumalembedwa pa silindapo. Akachotsera nambala imeneyo pa kulemera konse, wotsalayo ndiye gasi amene walipira. Silinda sidzazidwa mpaka pakamwa: pamasiyidwa mpata woti gasi afufume kukatentha, ndipo kumeneko si kuba.

Chachinayi, adziwane ndi ogulitsa awiri kapena atatu amene ali ndi chiphaso cha MERA. Katundu akachepa, wogulitsa amayamba wakumbukira kasitomala wake wa nthawi zonse. Gasi wothiridwa kuseri kwa nyumba pa nthawi ya kusowa amadula, amaperewera pa sikelo, ndipo angayambitse moto.

Amene amayang'ana zinthu zitatu, mphamvu ya kwacha, nkhani za kumadoko ndi nyengo yachisanu kumpoto, amadziwiratu nthawi yodzaza masilinda ake anzake asanayambe kuima pamzere.