Phunziro 7: Mtengo wa Nyumba Yanu ndi Msonkho wa IPRA

Malamulo aakulu a dziko la Mozambique amanena kuti nthaka ndi ya Boma ndipo sigulitsidwa. Munthu amangokhala ndi ufulu woigwiritsa ntchito, wotchedwa DUAT. Koma nyumba imene mwamanga pa nthakayo ndi yanu. Ngati ili m'dera lolamulidwa ndi khonsolo, monga ku Tete, Lichinga kapena Ulónguè, imalipiridwa msonkho chaka ndi chaka. Msonkhowo umatchedwa IPRA.

Kawerengedwe ka msonkho

Lamulo nambala 1/2008 linakhazikitsa kuti nyumba yokhalamo ilipire 0.4 peresenti ya mtengo wake, ndipo ya malonda ilipire 0.7 peresenti. Mtengowo si umene wogula angakupatseni ayi, koma umene unalembedwa m'kaundula wa khonsolo. Pouwerengera amaona kukula kwa nyumba, mtengo womangira, zaka zimene yakhala ndiponso dera limene ili.

Chifukwa chake mtengo umaunikidwanso

Zinthu zimenezi zimasintha. Simenti imakwera mtengo, dera limatukuka, mwini amaonjezera zipinda, ndipo nyumba nayo imakalamba. Choncho mtengo wa m'kaundula umakonzedwanso, motsatira njira zimene Boma linakhazikitsa m'chaka cha 2010. Tiyerekeze kuti nyumba yokhalamo inalembedwa pa 1,000,000 metikali: msonkho wake ndi 4,000 pa chaka. Ikalembedwanso pa 1,500,000, msonkho umafika pa 6,000. Muyezo ukalakwika, banja limalipira ndalama zosayenera chaka chilichonse kufikira cholakwacho chitakonzedwa.

Zoyenera kuchita

1. Pemphani kuona zimene khonsolo inalemba zokhudza nyumba yanu.
2. Yezani nyumbayo nokha, ndipo yerekezani ndi zolembedwazo.
3. Onetsetsani kuti nyumba yokhalamo sinalembedwe ngati ya malonda, komanso kuti chaka chimene inamangidwa ndi cholondola.
4. Mukapeza cholakwa, lembani kalata yodandaula msanga, pakuti madandaulo ali ndi malire a nthawi. Sungani kope lodindidwa chidindo.
5. Sungani malisiti onse pamodzi ndi mapepala a DUAT.

Kumbukirani: lisiti la IPRA limasonyeza kuti mwalipira msonkho wa nyumba, koma sililowa m'malo mwa DUAT.

Mafunso okambirana pagulu

1. Kodi nthaka ndi nyumba zimasiyana bwanji pamaso pa lamulo?
2. Mayi wamasiye walandira chikalata cha msonkho wokwera, chikhalirecho sanaonjezere chilichonse pa nyumba yake. Kodi mungamulangize zotani?