Za Oyendetsa Opanda Inshuwalansi ndi Olandidwa Laisensi: Mawu kwa Anthu a ku Chadiza

Lamulo la pamsewu la dziko la Zambia, Road Traffic Act ya chaka cha 2002, lomwenso linabala bungwe loyang'anira za pamsewu la RTSA, linena mosapsatira kuti galimoto kapena njinga yamoto isayende pamsewu wa onse popanda inshuwalansi yoteteza anthu ena. Ndipo linaikidwa kuti munthu wogundidwa, kaya ndi mayi wosenza nkhuni m'mbali mwa msewu wa ku Chipata, kaya ndi mwana wochokera kusukulu, apeze womgwira dzanja tsiku la tsoka, pakuti tsoka silinunkha. Khoti la majisitireti nalonso lili ndi mphamvu yoimitsa kapena kulanda laisensi ya woyendetsa ataledzera kapena mosasamala moyo wa anzake, ndipo amene agwiranso chiwongolero nthawi ya chiletso isanathe wadziputira mlandu watsopano, umene ukhoza kumfikitsa kundende.

Mukaimitsidwa pa lodibuloko, wapolisi adzayang'ana timapepala tomatidwa pagalasi lakutsogolo, nadzapempha laisensi yanu. Ngati wapeza cholakwa, muli ndi ufulu wouzidwa mlandu wanu momveka. Faindi yolipira chifukwa chovomera mlandu siikakamizidwa: wovomera alipire nalandire lisiti ya boma, wokana akaonekere kukhoti ndi kudzinenera yekha. Ndalama yopinda m'chikhatho popanda lisiti ndi chiphuphu, ndipo wopereka ndi wolandira onse ali ndi mlandu. Zotere zikanenedwe ku Anti-Corruption Commission, pamene nkhanza za wapolisi zimamvedwa ndi Police Public Complaints Commission.

Koma mtima wanga uli makamaka pa wovulazidwa. Iye, kapena mbale wake, alembe nambala ya galimoto ndi dzina la kampani lolembedwa pa kapepala ka inshuwalansi, akanene kupolisi msanga, atenge fomu yoti dokotala alembepo za mabala ake, nasunge malisiti onse a mankhwala ndi a ulendo, pakuti izi ndizo mboni zake pofuna chipepeso. Kampani ikamzengereza, akadandaule ku Pensions and Insurance Authority. Galimoto ikakhala yopanda inshuwalansi, palibe kampani yoti aigogodere, ndipo atsala ndi njira yosumira woyendetsa pamodzi ndi mwini wake, imene osauka angathandizidwe nayo ndi a Legal Aid Board ku Chipata. Abale anga, musafulumire kulandira mbuzi kapena matumba awiri a chimanga ndi kunena kuti nkhani yatha dokotala asanamalize kuona fupa. Mbuziyo idzadyedwa, kutsimphina kudzatsala, ndipo akulu anatiuza kale kuti mlandu suola.

Nanga zilangozi zimaopsa ndani? Ine ndiona kuti ziopsa pang'ono ndithu. Mnyamata wonyamula anthu panjinga yamoto kuchokera kwa Zingalume, kwa Mlolo kapena kwa Mwangala, akangomva pa foni kuti apolisi aima pafupi ndi boma, amapatukira m'kanjira ka kumadimba. Ndipo faindi, ngakhale ikule motani, siimlasa munthu amene mumtima mwake watsimikiza kuti sadzagwidwa. Chimene chagwirako ntchito ndi chakuti msonkho wa pamsewu sulandiridwa popanda kuonetsa inshuwalansi, koma ichi chimagwira okhawo amene analembetsa galimoto zawo, pamene njinga zambiri zoyenda m'midzi yathu zilibe ndi nambala yomwe.

Eni malole ndi maminibasi adziwenso ichi, kuti lamulo limagwira woyendetsa pamodzi ndi iye amene wamlola kutulutsa galimoto yopanda inshuwalansi. Ndipo mukapereka makiyi kwa munthu wolandidwa laisensi, kampani ikhoza kukana kukulipirirani ngozi yake, ngongole yonse nkugwera pakhomo panu. Musanamlembe ntchito dalaivala, igwireni laisensi yake m'manja mwanu, muone tsiku lotha, ndipo mukakayika funsani a RTSA ku Chipata kapena pa nambala yaulere ya 983.