Phunziro: Mnzathu akamavutika maganizo, kunyumbanso kuli mkangano

Anzathu a m'makalabu, mwezi uno tisiye kaye za makondomu ndi kuyezetsa magazi. Tikambirane za matenda amene saoneka ndi maso koma amamugwetsa munthu ngati malungo. Awa ndi matenda ovutika maganizo, amene a chipatala pa Chingerezi amati depression. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO likuti mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto lina lake la maganizo. Nanga kalabu yanu ili ndi anthu angati? Werengani nokha.

Musaone ngati tachoka pa nkhani ya Edzi. Kafukufuku amene anatuluka mu 2014, wa achinyamata 562 a zaka 12 mpaka 18 omwe ali ndi kachirombo ka HIV ku Lilongwe ndi ku Zomba, anapeza kuti pafupifupi 19 mwa 100 aliwonse anali ndi matendawa. Ena mwa amene amavutika kwambiri anali oferedwa, ndiponso amene anzawo amawaseka kusukulu chifukwa chomwa mankhwala. Munthu amene wataya mtima amayamba kudumphitsa ma ARV. Wina amalola kugonana mosadziteteza, ati "zanga zinada kale."

Kodi tingawadziwe bwanji?

Aliyense amakhumudwa. Ukalephera mayeso kapena chibwenzi chikatha, mtima umawawa, koma pakapita masiku umayambanso kuseka. Matenda ndi pamene chisonicho chakhala masabata awiri kapena kuposa, pafupifupi tsiku ndi tsiku, ndipo munthu sakusangalalanso ndi zimene ankazikonda. Tulo timasowa kapena timachuluka, nsima siilowa, thupi limangotopa, ndipo munthu amadziona ngati wachabechabe. Kwa achinyamata nthawi zambiri zimatulukira m'kupsa mtima, kuyankha mwamwano, mutu ndi m'mimba zosatha. Apa ndi pamene makolo amasokera. Amati mwana wayamba mwano, ena amati ndi ulesi, enanso amathamangira kunena kuti wina wamulodza. Si ulesi, si ufiti, ndipo si misala ayi. Ndi matenda, ndipo amachizika.

Tiyerekeze mtsikana wa zaka 16 amene anabadwa ndi kachirombo. Mayi ake anamwalira, ndipo akukhala ndi bambo ake ndi mayi omupeza. Kunyumba n'kukangana kokhakokha: za ntchito zapakhomo, za fizi, za ndalama ya basi yopitira kukatenga mankhwala. Tsiku lina mayi omupezawo atapsa mtima anamunena za matenda ake anthu akumva pa mjigo. Chichitikireni zimenezi mtsikanayu sakubweranso ku netibo, kusukulu akujomba, ndipo botolo la mankhwala lili chidzadzire. Timuthandiza bwanji? Kungomuuza kuti "limba mtima" sikukwanira. Pafunika dongosolo la chithandizo, limene amapanga ndi dokotala kapena namwino pamodzi ndi mwini wakeyo, osati ena kumupangira iye atakhala panja.

Choyamba ndi moyo wake

Musanakambe china chilichonse, mufunseni poyera, muli awiri: "Kodi umaganizako zodzipha?" Ambiri timaopa kuti tikafunsa timupatsa maganizo amene analibe. Si zoona. Kufunsa kumamumasula kuti alankhule. Akavomera, asasiyidwe yekha, mankhwala a m'munda ndi a makoswe atsekeredwe, mankhwala ake omwe asungidwe ndi munthu wamkulu, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Pali nambala yaulere ya 116 yothandiza ana ndi achinyamata. Ilembeni pachikuto cha kope la kalabu.

Pano tichenjezane. Mnzanu akati "ndikuuza koma usauze munthu", musalumbire msanga. Za kachirombo n'chinsinsi chake, ndipo ndi yekha amene angasankhe womuuza. Koma za kufuna kudzipha sizisungidwa. Muuzeni kuti mupita naye limodzi kwa munthu wamkulu amene iye amamukhulupirira.

Kuchipatala adzamuyezanso thupi. Kuchepa kwa magazi kumabweretsa kutopa kofanana ndi kwa matendawa. Adzaona kuchuluka kwa tizirombo m'magazi, ndi mtundu wa ma ARV amene akumwa. Mankhwala a efavirenz, amene ambiri ankamwa kale, kwa anthu ena amabweretsa maloto oipa ndi kusokonekera kwa maganizo. Kuyambira mu 2019 anthu ambiri kuno anawasinthira ku a dolutegravir, komabe chilichonse chimene akumva m'thupi anene. Asasiye mankhwala payekha. Ngati amamwa kachasu kapena kusuta chamba, anenenso, chifukwa izi zimakulitsa vutolo.

Uphungu ndiwo mankhwala oyamba

Kwa wachinyamata, chithandizo choyamba ndi kukambirana ndi mlangizi wophunzitsidwa bwino. Ena amapeputsa: "Kungocheza basi?" Ku Harare m'dziko la Zimbabwe, mu 2006, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench. Anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi panja pa chipatala ndi kumvetsera anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza kwambiri. Kafukufuku anaonetsa kuti anthu amathandizikadi. Njira yake ndi yosavuta kuimva: munthu atchule mavuto ake onse, asankhepo limodzi loti n'kutheka kulithetsa, aganize njira zingapo, ayese imodzi, abwerenso adzanene mmene zayendera.

Mtsikana wathu uja sangaukitse mayi ake, ndipo sangasinthe mtima wa mayi omupeza sabata imodzi. Koma ndalama ya basi ndi vuto loti n'kuligwira. Akhozanso kugwirizana ndi mlangizi tinthu ting'onoting'ono: kudzuka nthawi imodzimodzi, kupita kusukulu masiku atatu sabata ino, kukaonerera netibo ngakhale asasewere. Asadikire kuti mtima ufune kaye. Ndi matenda awa, kufuna kumabwera pambuyo munthu atayamba kuchita.

Nanga akunyumba?

Apa ndi povuta zedi, ndipo ndi pamene madongosolo ambiri amafera. Mwana akhoza kulandira uphungu wabwino Lachiwiri, Lachitatu n'kubwerera m'moto womwe uja. Choncho banja liyenera kulowamo, koma mwanzeru.

Mlangizi amayamba wakhala ndi mwanayo payekha, n'kumufunsa zimene akulola kuti makolo amve. Kenaka amakhala ndi makolo paokha. Nawonso ali ndi zawo: bambo mwina akudziimba mlandu pa za kachirombo, mayi omupeza mwina atopa ndi umphawi ndipo akuopa matenda amene sakuwamvetsa. Mukawayamba ndi kuwaweruza, sabweranso. Pomaliza ndi pamene onse amakhala pamodzi. Mwambo wathu uli kale ndi anthu a ntchito imeneyi, amalume, azakhali kapena agogo. Mwanayo asankhe mmodzi amene amamumvera chisoni kuti akhalepo. Koma bwalo limeneli si la mlandu, ndipo si lofuna kupeza wolakwa. Agwirizane zinthu ziwiri kapena zitatu zooneka: za matenda ake sizinenedwanso pagulu kapena pokangana, ntchito zapakhomo zigawidwe poyera, ndipo adziwike amene azimuperekeza kuchipatala.

Ngati kunyumbako mwana akumenyedwa, kumanidwa chakudya kapena kugwiriridwa, imeneyo si nkhani yokambirana pa mphasa. Ipite ku ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu kapena ku Victim Support Unit ya apolisi, ndipo mwanayo akhale kaye kwa wachibale wina.

Mapiritsi alipo. Uphungu ukapanda kuthandiza kapena matenda akakula, dokotala akhoza kupereka fluoxetine kwa wachinyamata wa zaka 12 kupita m'tsogolo. Sagwira ntchito lero ndi lero, amatenga masabata angapo, ndipo masabata oyambawo wodwala aziyang'aniridwa kwambiri chifukwa kwa ena maganizo odzipha amayamba akwera. Akapeza bwino amapitiriza kumwa miyezi 9 mpaka 12. Tikati chipatala cha maganizo ambiri amaganiza za Zomba Mental Hospital n'kuchita mantha. Ambiri safika n'komwe kumeneko. Yambirani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu ndi chipatala chaching'ono, iwo adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha m'boma lanu. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso a St John of God.

Dongosololi lilembedwe papepala, ndi tsiku lobwereranso kuchipatala, ndi dzina la munthu woti mtsikanayo amuthamangire usiku zikavuta. Inu a kalabu sindinu madokotala. Ntchito yanu ndi kumudutsira popita ku netibo ngakhale wakana kanayi, kumuperekeza ku Teen Club ngati ilipo pa chipatala chanu, ndi kutseka pakamwa.

Zochita pa kalabu

Sankhani anthu anayi achite sewero la bwalo lija: mtsikana, bambo, mayi omupeza ndi malume. Wochita mayi omupeza asakhale mfiti ya m'nthano, akhale munthu wotopa amene ali ndi zifukwa zake. Mukatha, kambiranani: ndi mawu ati amene anatseka pakamwa pa mtsikanayo, nanga ndi ati amene anamumasula? Ndi akuluakulu ati m'mudzi mwanu amene mungawagogodere pakati pa usiku? A patroni alembe mayinawo, ndipo awafunse eni akewo sabata ino ngati akuvomera.