Khansa ya Fumbi la Asibesitosi: Kodi Wodwala Ayembekezere Zotani?

Kuyambira kale amuna ambiri a m'boma la Mwanza ndi madera ena ankadzera pa Zobue ndi ku Tete kupita ku Halale ndi ku Joni kukafuna ntchito. Ena mwa iwo analembedwa m'migodi ya asibesitosi ya Shabani ndi Mashaba, kumene lero kutchedwa Zvishavane ndi Mashava. Fumbi limene ankapuma kumeneko likhoza kuyambitsa khansa yotchedwa mesothelioma, imene imagwira kachikopa kopyapyala kokuta mapapo. M'chaka cha 1960 Dokotala J.C. Wagner ndi anzake anasonyeza ku South Africa kuti gwero la nthendayi ndi asibesitosi, ndipo dzikolo linaletsa asibesitosi m'chaka cha 2008.

Nthendayi imabisala zaka 20 mpaka 50. Munthu amabwerera kumudzi ali bwinobwino, nayamba kudwala atakalamba. Amayi amene ankachapa zovala zafumbi za amuna awo akhozanso kuidwala.

Zizindikiro zake ndi befu, kupweteka kwa m'nthiti, kutsokomola, kuwonda ndi madzi odzaza m'chifuwa. Popeza zizindikirozi zifanana ndi za chifuwa chachikulu cha TB, wodwala ayenera kuuza dokotala za ntchito imene ankagwira kale, makamaka ngati mankhwala a TB sakuthandiza.

Nanga wodwala akhala ndi moyo nthawi yotani? Ngakhale m'maiko a zipatala zazikulu, pafupifupi theka la odwala amamwalira chisanathe chaka chimodzi chipezekere nthendayi. Mwa odwala 100, pafupifupi 10 okha ndiwo amafika zaka zisanu. Ziwerengerozi ndi za gulu lonse, sizineneratu tsiku la munthu mmodzi. Masiku a wodwala amatalika kapena kufupika molingana ndi zinthu izi:

1. Nthawi yopezekera. Khansa yopezeka isanafalikire imapatsa madokotala mpata wothandiza.
2. Mtundu wake. Wotchedwa epithelioid umakula pang'onopang'ono kuposa wa sarcomatoid.
3. Msinkhu ndi mphamvu. Wodwala wocheperako zaka, amene akali kudya ndi kuyenda yekha, amapirira mankhwala bwino.

Kawirikawiri khansayi sichirika, koma chithandizo chilipo. Madokotala amapopa madzi a m'chifuwa kuti wodwala apume bwino, amapereka mankhwala ochedwetsa khansa, ndiponso morphine wakumwa wochepetsa ululu. Matenda otere sapatsirana, ndipo sabwera ndi ufiti. Choncho achibale asaope kudyera naye pamodzi, kapena kutaya ndalama kwa oombeza.

Aliyense amene anagwirapo ntchito ya asibesitosi, akayamba befu kapena kumva kubaya m'nthiti, apite msanga ku chipatala cha boma cha Mwanza, kumene angamtumize ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Popita atenge mapepala ake a kumgodi, ngati anawasunga, pakuti amathandiza dokotala kudziwa zaka zimene anakhala m'fumbilo.