Kosi ya Spring pa intaneti: yesani katundu musanatulutse ndalama

Sabata ino tisiye kaye mitengo ya chimanga, soya ndi feteleza, tione katundu wina amene makolo akugulira ana awo osamuona n'komwe: maphunziro a pa intaneti a kalembedwe ka mapulogalamu a kompyuta. Otsatsa malondawa amatipeza pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo ena amalonjeza ntchito yapamwamba pakangotha masabata ochepa. Ndalama zolipirira zimachokera ku matumba a mtedza, ku mbuzi kapena kubanki m'khonde. N'chifukwa chake kosi iyenera kukwera pasikelo monga katundu wina aliyense. Chitsanzo chathu chikhala Spring, imodzi mwa ma framework otchuka popanga mapulogalamu a makampani ndi mabungwe akuluakulu.

Kodi Spring n'chiyani?

Khonsolo ikamanga msika imaika denga, mabenchi, mpanda, geti ndi mlonda. Wamalonda amangobwera ndi katundu wake n'kuyala. Framework ili ngati msika womangidwa kalewo. Pulogalamu iliyonse ya kubanki, kuchipatala kapena ku SACCO imafunika kuzindikira amene akulowa, kusunga zolembedwa, kuyankha anthu ambiri nthawi imodzi komanso kutsekereza akuba. Framework imabwera ndi zonsezi zokonzakonza, ndipo wolemba pulogalamu amangoikamo malamulo a bizinesiyo.

Spring imagwira ntchito ndi Java, chilankhulo cha kompyuta chomwe chidatuluka mu 1995. Adaiyambitsa ndi Rod Johnson wa ku Australia. Mtundu wake woyamba wokhazikika udatuluka mu 2004, ndipo mu 2014 kudabwera Spring Boot, yomwe idachepetsa kwambiri ntchito yoyalira pulogalamu yatsopano. Makosi ambiri a masiku ano amaphunzitsa Spring Boot imeneyi.

Tiyerekeze kuti membala wa SACCO akufuna kubweza ngongole ya K50 000 kuchokera ku ndalama zomwe adasunga. Pulogalamu iyenera kuchita zinthu ziwiri: kuchotsa K50 000 kumene amasunga, ndi kutsitsa ngongole ndi K50 000. Makina akazima choyamba chitachitika, chachiwiri chisanachitike, ndalama ya membalayo yasowa. Mu Spring, wolemba amaika chizindikiro chotchedwa @Transactional pamwamba pa ntchitoyo, ndipo Spring mogwirizana ndi database imaonetsetsa kuti zonse ziwiri zatheka, apo ayi zonse zibwerere momwe zidalili. Luso lotere ndi lomwe mabwana amalipira.

Kodi msika wake ulipo?

Ulipo, ndipo suli kutali. DHIS2, pulogalamu yochokera ku University of Oslo yomwe Unduna wa Zaumoyo m'dziko muno umasonkhanitsira malipoti a m'zipatala, idalembedwa ndi Java ndi Spring. OpenMRS, yomwe bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lidayamba kusungira mbiri ya odwala ku Neno, nayonso ndi ya Java ndi Spring. Chimodzimodzi Apache Fineract, yomwe mabungwe obwereketsa ndalama m'maiko ambiri amayendetsera ngongole.

Koma Spring siili yokha pamsika. Maofesi ena amafuna .NET, ena Laravel, ena Django. Mlimi wanzeru amayamba wafunsa zomwe ogula akufuna asanafese mbewu. Kwa mwezi wathunthu, mwana adule m'nyuzipepala zolengeza ntchito za makompyuta, aonenso za pa LinkedIn, awerenge kuti dzina lomwe likubwerabwera ndi liti. Kafukufuku ameneyu salira ndalama zambiri, koma amapulumutsa zambiri.

Mtengo weniweni

Choyamba kudziwa n'chakuti Spring yeniyeniyo ndi yaulere. Java yophunzirira ndi yaulere, ndipo zida zolembera monga Eclipse ndi Visual Studio Code n'zaulerenso. University of Helsinki ya ku Finland ili ndi kosi yaulere ya Java pa intaneti, ndipo eni ake a Spring ali ndi malangizo aulere pa spring.io. Wina akakuuzani kuti mulipire "ndalama ya pulogalamu", dziwani kuti akukugulitsani madzi a m'chitsime cha mudzi. Chomwe mumagula pa kosi yolipira ndi nthawi ya mphunzitsi: kukonza maphunziro mwandondomeko, kuyankha mafunso ndi kuchonga ntchito ya wophunzira. Ngati zimenezi mulibe, mtengo uyenera kutsika kwambiri.

Pamwamba pa fizi pali zinthu zinayi zofunika kuziika pabajeti.

Choyamba ndi dola. Makosi ambiri akunja amagulitsidwa m'madola. Mu Novembala 2023, Kwacha itatsitsidwa mphamvu, dola imodzi idachoka pa K1 180 kufika pa K1 700. Kosi ya madola 100 idadumpha kuchoka pa K118 000 kufika pa K170 000 usiku umodzi. Ngati mukulipira mwezi ndi mwezi, funsani ngati mtengo udzakhazikike m'makwacha. Funsaninso kubanki ngati khadi lanu likuloledwa kulipira kunja, ndi ndalama zomwe amadula.

Chachiwiri ndi bandulo. Kosi ya mavidiyo a maola makumimakumi imadya data koposa. Sankhani yomwe imalola kukopera mavidiyo pafoni kapena pakompyuta kuti muonere mobwereza popanda intaneti. Dziwaninso kuti tsiku loyamba kuyendetsa pulogalamu ya Spring, chida chotchedwa Maven chimakoka mafayilo ambiri. Chikakoka kamodzi chimawasunga m'kompyutamo, choncho tsiku limenelo pitani pomwe pali Wi-Fi.

Chachitatu ndi kompyuta. Foni ndi yoonera mavidiyo basi. Kulemba Spring kumafuna laputopu kapena kompyuta ya patebulo, makamaka ya RAM yosachepera 8GB. Pogula yakale, yesani batire, chifukwa magetsi akathima ndi lomwe lidzapulumutse phunziro.

Chachinayi ndi nthawi. Sukulu zambiri zophunzitsa zimenezi pa intaneti zili ku India, m'mizinda monga Hyderabad ndi Bengaluru. Wotchi ya kumeneko ili patsogolo pa yathu ndi maola atatu ndi theka. Phunziro la 7 koloko m'mawa ku Hyderabad kuno limakhala hafu pasiti 3, tambala woyamba asanalire. Funsani nthawi ya kuno, ndiponso ngati phunzirolo limajambulidwa.

Chenjerani ndi katundu wogonera

Nsomba yogonera imadziwika ndi fungo. Kosi yogonera imadziwika ndi manambala. Spring Boot imatulutsa mtundu watsopano kawiri pachaka, mu Meyi ndi mu Novembala. Kusintha kwakukulu kudachitika mu Novembala 2022 pomwe kudatuluka Spring Boot 3. Kuyambira pamenepo pamafunika Java 17 kapena yoposerapo, ndipo mawu ambiri oyamba ndi javax adasanduka jakarta. Wophunzira akatsatira vidiyo yakale pa Spring yatsopano, amalemba javax.persistence monga akuonera, kompyuta n'kukana. Amatha masiku akudziona ngati mbuli, pomwe wolakwa ndi katundu amene adamugulitsa.

Choncho musanalipire, mwana ayang'ane ndandanda wa maphunziro ndi vidiyo yachitsanzo. Akaona Java 8, Spring Boot 2 kapena javax.persistence, imeneyo ndi mbewu ya chaka chatha. Si kuti ilibiretu ntchito, poti maofesi ena akadali ndi mapulogalamu akale ofunika kuwasamalira. Koma chimanga chofumbwa sachigula pamtengo wa chatsopano, ndipo wongoyamba kumene ayambire pa zatsopano.

Osadumpha makwerero

Spring si kalasi yoyamba. Poyambira ndi Java, mpaka wophunzira azitha kulemba yekha kapulogalamu kowerengera phindu la ngongole. Kenako SQL, chilankhulo chofunsira ndi kusungira zinthu mu database monga MySQL kapena PostgreSQL. Pakhalenso kumvetsa momwe foni imalankhulirana ndi seva kudzera mu HTTP, ndi kugwiritsa ntchito Git posunga ntchito yake. Akatha izi ndiye alowe Spring Boot, atsatize Spring Data yolumikizira database ndi Spring Security yoteteza pakhomo. Maphunziro pafupifupi onse ali m'Chingerezi, choncho kuwerenga Chingerezi modekha ndi mpamba womwe.

Makwerero oyambawa angathe kukweredwa kwaulere, ndipo apa mpomwe kholo lingayesere mwana. Amene wamaliza kosi yaulere ya Java payekha waonetsa kuti ndalama ya kosi yolipira siidzalowa m'madzi. Amene wagwa ulesi pa yaulere sadzalimbikira chifukwa choti mwagulitsa mbuzi.

Mafunso kwa wogulitsa

Safunsa adadya phula. Mufunseni wogulitsa kuti akuphunzitsa mtundu uti wa Spring Boot ndi Java. Mphunzitsi ndi ndani, ndipo ntchito yomwe adapangapo mungaione kuti? Adzachonge ntchito ya wophunzira ndani, pakatha masiku angati? Kodi mungakhale nawo pa phunziro limodzi musanalipire? Nanga mukasiyira panjira, ndalama zimabwezedwa bwanji? Mayankho akhale olembedwa. Ngati ndi sukulu ya m'dziko muno, funsani ngati idalembetsedwa ku TEVETA kapena ku NCHE, ndipo katsimikizeni nokha. Musatumize fizi yonse pa Mpamba kapena Airtel Money ku nambala ya munthu wosamudziwa. Lipirani pang'onopang'ono, mulandire lisiti. Wolonjeza kuti ntchito njosakayikitsa mumuope: sukulu imaphunzitsa, wolemba ntchito ndi wina.

Satifiketi kapena ntchito yooneka?

Pali satifiketi yongosonyeza kuti munthu adaonera mavidiyo mpaka kumapeto, ndipo pali ya mayeso oyang'aniridwa, monga a Java omwe amakonza a kampani ya Oracle. Ziwirizi sizilemera mofanana. Koma ngakhale yachiwiriyo, bwana adzafunsabe kuti, "Mudapangapo chiyani?"

Telala amadziwika ndi malaya omwe adasoka. Pomaliza kosi, wophunzira akhale ndi pulogalamu imodzi yoyenda, yothetsa vuto lenileni: kaundula wa katundu wa mugolosale ya pakhomo, kapena buku la masheya ndi ngongole la banki m'khonde, lokhala ndi polowera pa msungichuma ndi polowera pa membala. Aiike pa GitHub kuti ofuna kumulemba ntchito aione, koma mayina ndi manambala a foni akhale ongopeka, osati a mamembala enieni.

Kosi yomwe singamufikitse mwana pamenepo ndi yodula, ngakhale aitsitse mtengo ndi theka. Sabata yamawa tibwereranso ku mitengo ya zokolola.