Makalata a omvera: Kodi wolemba mapulogalamu amakonza mafoni?

Zikomo mayi athu a ku Ntcheu chifukwa cha kalata yanu. Mwati mwana wanu wamkazi akufuna kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, ndiye mukuda nkhawa kuti adzathera pabenchi kumsika, kumamasula mafoni owonongeka. Ayi mayi, imeneyo ndi ntchito ina, yaulemu wake ndithu, koma ina.

Mukamatumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, foni imatsata malangizo amene munthu analemba: ona ngati nambala yachinsinsi ili yolondola, ona ngati ndalama zikukwana, chotsa kuno, wonjezera uko, ndipo netiweki ikaduka pakati, ndalama zisasowe. Kulingalira zonsezo, makamaka zimene zingalakwike, ndiyo ntchitoyo. Zogogoda mabatani mwaliwiro ngati m'mafilimu zija n'zonama. Nthawi yambiri olemba mapulogalamu amawerenga zimene anzawo analemba, kufunsitsa eni ntchito chimene akufunadi, kapena kusaka kacholakwika kamodzi tsiku lonse. Ndipo tizolakwika timeneti sitamasewera. Mu 1999 chombo cha m'mlengalenga cha bungwe la NASA chotchedwa Mars Climate Orbiter chinatayika chifukwa gulu lina linkawerengera m'miyeso ya mapaundi pomwe linzake linkayembekezera ya metiriki.

Masamu? Amathandiza, koma mapulogalamu ambiri safuna masamu ozama. Kuleza mtima ndiko kumavuta.

Mwafunsanso ngati akazi amaikwanitsa ntchitoyi. Margaret Hamilton anatsogolera gulu la ku yunivesite ya MIT limene linalemba mapulogalamu oyendetsa Apollo 11, ulendo umene unafikitsa anthu kumwezi mu 1969. Muloleni mwanayo ayambe ndi chiyankhulo cholembera mapulogalamu chotchedwa Python, poti ndi chaulere. Tiyeni timve kalata ina.