Mukufuna firiji yatsopano? Yambani ndi soketi ya kunyumba kwanu

Mafiriji ambiri amene amafera m'nyumba za ku Chileka, ku Lunzu ndi ku Lirangwe sachokera kufakitale ali olumala. Amaphedwa ndi magetsi amene timawapatsa, kutentha kwa chipinda chimene tawaikamo, ndi kanyamulidwe kathu kuchokera m'tauni. Mwini wake akaona kuti yasiya kuzizira chaka chisanathe, amanyoza dzina la kampani, amaitana wothira gasi, ndipo mapeto ake firiji ija imasanduka kabati ya mbale. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kugula kamodzi basi.

1. Kukula kwake, mtundu ndi mtengo

Apa tisachedwepo. Yezani malo amene mudzaiike komanso khomo limene idzalowere. Banja la anthu anayi kapena asanu imalikwanira firiji ya zitseko ziwiri, ya malita 200 mpaka 280. Ngati cholinga chanu ndi geni ya mafirizesi, madzi ozizira, nkhuku kapena nsomba, gulani firiza yotsekula pamwamba. Mpweya wozizira ndi wolemera, choncho sutayika wambiri mukatukula chivindikiro, ndipo magetsi akathima katundu amakhalitsa ali wouma. Kupanikiza mafirizesi a pamsika wonse m'kachipinda kapamwamba ka firiji ya panyumba ndi kuizunza. Kompuresa yake sidzapumanso.

Mayina amene mungawapeze m'masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre ndi monga Defy, Hisense, KIC, Samsung ndi LG. Musataye nthawi kukangana kuti labwino ndi liti. Funsani wokonza mafiriji amene ali pafupi nanu kuti zipangizo za mtundu uti amazipeza mosavuta, ndipo mumumvere. Za mipopi ya madzi pachitseko ndi timabatani towala zisiyeni. Chilichonse choonjezera ndi chinanso chimene chidzawonongeke.

Mitengo sikhazikika. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa lero suchedwa kusintha. Mongoyerekeza, pamene malangizo awa ankalembedwa, kafiriji kachitseko chimodzi kankagulidwa K400,000 kapena kuposerapo, ndipo ya zitseko ziwiri inkayambira cha m'ma K900,000 mpaka K1.5 miliyoni. Pamwamba pa ndalama imeneyo patulani ina ya zimene tinene m'ndime yachitatu ndi ya mayendedwe. Imeneyo musaikhudze ngakhale wogulitsa akunyengerereni bwanji.

2. Zungulirani kumbuyo kwake

Anthu m'sitolo amatsekula chitseko, kuwerenga mashelefu, kusisita utoto. Chofunika chili pakachikwangwani komata kumbuyo kapena m'kati cha m'mbali. Onanipo zinthu zinayi.

Choyamba, pamene palembedwa kuti Climate class. Zilembo zimenezi zimanena kutentha kumene firiji inapangidwira. SN ndi N zimathera pa madigiri 32, ST pa 38, ndipo T imafika pa 43. Chileka ndi Lirangwe ndi malo otsika poyerekeza ndi mzinda wa Blantyre, kutsetserekera ku Shire, ndipo mu Okutobala ndi Novembala panja penipeni pamapitirira madigiri 32, nanji m'khitchini ya malata yopanda siling'i. Firiji ya N m'chipinda chotero imangolira usana ndi usiku, mayunitsi akutha, mkaka ukusasa. Gulani yolembedwa T, kapena SN-T. Ikasowa, ST. Yolembedwa N yokha isiyeni, ngakhale atsitse mtengo.

Chachiwiri, magetsi ake akhale a 220 mpaka 240 V, 50 Hz. Chachitatu, nambala ya kWh pachaka. Yuniti imodzi imene mumagula ku ESCOM ndi kWh imodzi, ndiye firiji yolembedwa 300 kWh pachaka ikudya mayunitsi 25 pamwezi, ndipo kuno kotentha onjezeraniko pang'ono. Mafiriji awiri ofanana kukula akasiyana nambala imeneyi, tengani ya nambala yochepa. Chachinayi, gasi wake. Atsopano ambiri ndi a R600a, amene sadya magetsi ambiri koma amayaka akakumana ndi moto. Ichi muchikumbukire tsiku limene mudzafune kukokota ayezi ndi mpeni.

3. Magetsi a panyumba panu

Apa ndi pamene anthu amagwera, ndipo amagwa mofanana chaka ndi chaka.

Ngakhale malo opangira magetsi a Nkula ndi Tedzani ali kufupi ndi kwathu kuno, magetsi athu sabwera mofanana tsiku lililonse. Tonse tikukumbukira mmene namondwe Ana anawonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, magetsi n'kumathima maola ambirimbiri kwa chaka ndi miyezi. Koma kuthima kwenikweniko sikupha firiji. Chimene chimaipha ndi kabweredwe ka magetsi.

Kompuresa ikamagwira ntchito imapopa gasi mwamphamvu m'mapaipi. Ikaima, mphamvu ya gasiyo imafuna mphindi zingapo kuti iphwe. Magetsi akangophethira, kuthima n'kuyakanso nthawi yomweyo, kompuresa imayesa kudzuka gasi akadali wopanikizika. Zili ngati kuyamba kupalasa njinga ya matumba atatu a makala pakati pa chitunda. Mota imakanika kuzungulira, imakoka magetsi ambiri, mawaya ake amatentha. Ikachita zimenezi kambirimbiri, tsiku lina imapsa.

Vuto lachiwiri ndi magetsi ofooka. M'malo mwa 230 V, kunyumba zimene zili kumapeto kwa laini yaitali, kapena kumene thiransifoma imodzi ikudyetsa nyumba zambiri, chigayo ndi owotcherera zitsulo, mphamvu imatsika kwambiri, makamaka madzulo anthu akamaphika. Chizindikiro chake mumachidziwa: mababu amachita chizimezime, fani imazungulira mwaulesi. Pa firiji mumamva kung'ung'udza kenaka "tiki", pakapita mphindi zochepa kung'ung'udzanso, "tiki". Kumeneko ndi kulephera kudzuka kwa kompuresa. Mukamva zimenezo zulani pulagi, musadikire kuti ione yokha chochita. Vuto lachitatu ndi magetsi obwera ndi mphamvu yopitirira, monga waya wina ukaduka panja kapena nthawi ya ziphaliwali.

Ndiye chitani izi, ndipo muchite firiji isanafike pakhomo.

Itanani wamagetsi wachiphaso, osati mnyamata amene anakulumikizirani belu. Ayeze soketi imene mudzagwiritse ntchito kawiri: masana, komanso madzulo cha m'ma 6 mpaka 8 koloko. Kuyeza masana okha n'kudzinamiza. Aonenso ngati waya wa athi ulipodi ndipo wafika pansi. Nyumba zambiri za lendi zili ndi soketi ya mabowo atatu koma kumbuyo kwake kuli mawaya awiri okha. Firiji yopanda athi ndi imene imakugwedezani mukaigwira ndi manja onyowa, ndipo ana amayenda opanda nsapato pasimenti.

Kenaka gulani fridge guard. Ndi kabokosi kolowa pakati pa soketi ndi pulagi ya firiji. Magetsi akatsika kwambiri kapena akakwera kwambiri kamadula, ndipo akabwerera kamadikira mphindi zitatu kapena kuposerapo kasanalole firiji kuyaka. Mphindi zitatuzo ndiye moyo wa kompuresa yanu. Pamene malangizo awa ankalembedwa, mtengo wake unali mwina K30,000 mpaka K70,000. Kusintha kompuresa, kuphatikiza gasi ndi ntchito, kungakudyereni gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa firiji yonse. Werengani nokha.

Mudzamva zambiri. Wina adzati ekisitenshoni yokhala ndi kababu kofiira ndi chimodzimodzi. Si chimodzimodzi, ilibe kudikira kuja. Wina adzati chotetezera TV chimene muli nacho chikukwanira. Zambiri mwa izo zimadikira masekondi ochepa chabe. Wogulitsa adzati iyi ndi ya inverter, sifuna chotetezera. Zoona, kompuresa ya inverter imadzuka pang'onopang'ono ndipo sidya magetsi ambiri, koma imayendetsedwa ndi kabodi kamene magetsi okwera amakaotcha, ndipo kabodi kameneko mukhoza kukasaka miyezi. Ikani fridge guard. Wina adzati kwawo firiji yakhala zaka khumi yopanda chilichonse. Mumufunse kuti amakhala laini iti.

Musanachoke m'sitolo, kayeseni kabokosiko. Kalumikizeni, zimitsani switchi, yatsaninso, ndipo muyang'ane wotchi. Kakayatsa nthawi yomweyo, mwagula chidole.

Dziwaninso malire ake. Fridge guard sikweza magetsi, imangodula. Ngati wamagetsi wapeza kuti madzulo aliwonse kwanu kumatsika mpaka pansi pa 190 V, firiji izingokhala yozima nthawi imeneyo, ndiye mukufunika stabilizer, imene imakweza mphamvu, komanso mukanene ku ESCOM kuti aone laini yanu. Ndipo mphezi ikagunda pafupi palibe kabokosi kamene kangaletse. Mvula ya mabingu ikamabwera, zulani pakhoma.

Nkhani ya pulagi. Mafiriji ambiri amene timagula amachokera ku South Africa ndipo amabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira, pamene masoketi athu ndi a mabowo a makona. Anthu amagula kaadaputala kotchipa pamsika, kamene kamagwedera, kutentha, kenaka kusungunuka. Ena amadula pulagi n'kulowetsa mawaya m'soketi ndi timitengo ta machesi. Musatero. Pemphani a sitolo akusinthireni pulagi iwo eni ndi kulemba palisiti kuti asintha, kapena wamagetsi aike soketi yogwirizana ndi pulagiyo. Firiji ikhale ndi soketi yakeyake pakhoma. Isagawane ekisitenshoni ndi ketulo, ayironi kapena hotipuleti.

Amene muli pa sola kapena jenereta, kumbukirani kuti firiji yodya mawati 100 kapena 150 ikamayenda imakoka kangapo kuposa pamenepo podzuka. Kainveta kotchajira mafoni sikangaidzutse. Funsani za inveta ya pure sine wave ya mawati 1,000 kapena kuposa, ndi mabatire oti afike m'mawa.

Ndibwerezenso: kuyeza soketi madzulo, waya wa athi, fridge guard, soketi yakeyake. Ndalama ikaperewera, tsikirani ku firiji yocheperako. Musachotse chotetezera kuti mugule yaikulu.

4. Lisiti ndi waranti

Muuzeni wogulitsa aiyatse muli pompo. Pakatha mphindi 20 kapena 30 khoma la m'kati mwa firiza lizizire. Tsekerani pepala pachitseko n'kulikoka: likatuluka mosavuta, labala sakugwira, sankhani ina. Onani ngati nambala ya pakatoni ikufanana ndi ya pafiriji, ndipo nambalayo ilembedwe palisiti pamodzi ndi tsiku ndi chidindo. Jambulani lisiti ndi foni, chifukwa timapepala ta pamakina timafufutika miyezi ingapo.

Funsani mafunso atatu ndipo mayankho alembedwe: waranti ndi ya nthawi yaitali bwanji, ikawonongeka akonza ndani ndipo ali kuti, adzabwera ku Lirangwe kapena mudzanyamula nokha? Safunsa adadya phula. Mukaona chomata chonena zaka 10, kawirikawiri chimanena za kompuresa yokha, osati firiji yonse. Ndipo mawaranti ambiri salipira chowonongeka ndi magetsi. Mukafika ndi kompuresa yopsa, funso loyamba lidzakhala lakuti munaika chotetezera kapena ayi.

5. Ulendo wa kunyumba

Firiji iyende choimirira, ili m'katoni, yomangidwa ndi zingwe papikapu. Mukaigoneka, mafuta a mu kompuresa amatsikira m'mapaipi a gasi. Pamsewu wa M1 palibe vuto lalikulu, koma mukapatuka pa Lirangwe kapena kupitirira bwalo la ndege la Chileka kulowa m'misewu yafumbi, uzani dalaivala ayende pang'onopang'ono, ndipo wina akhale kumbuyo. Za kuimangirira panjinga yamoto kapena kuipanikiza m'buti ya minibasi tisakambirane n'komwe.

Ikafika, musaiyatse kuti anansi aone. Ngati yayenda choimirira, idikire maola anayi. Ngati inagonekedwa, tsiku lathunthu. Mukatero iyatseni yopanda kanthu kwa maola angapo, kenaka ikani zakudya.

6. Malo ake ndi kasamalidwe

Isayandikane ndi mbaula kapena zenera la dzuwa la masana. Siyani mpata wokwana chikhatho kumbuyo ndi m'mbali kuti kutentha kuzituluka, ndipo chotsani nsalu zokongoletsa zimene mumaiveka. Ikhale yowongoka, yopendekera kumbuyo pang'ono kuti chitseko chizitsekeka chokha. Fumbi la kumbuyo lipukuteni miyezi ingapo iliyonse. M'kati muzikhala pafupifupi madigiri 4, mu firiza 18 pansi pa ziro. Ndiwo zotentha zizizire kaye.

Magetsi akathima, musatsekuletsekule. Firiji yotseka imasunga chakudya pafupifupi maola anayi, firiza yodzaza mpaka masiku awiri, yatheka tsiku limodzi. Malo opanda kanthu mu firiza dzazani mabotolo a madzi, ndipo magetsi akachedwa tsitsirani angapo m'munsi. Ayezi akachuluka zimitsani, ikani beseni la madzi ofunda, dikirani. Mpeni umaboola paipi, ndipo waranti imathera pomwepo.

Ikasiya kuzizira waranti isanathe, musalole aliyense kuidula mapaipi. Gasi wa firiji satha ngati wophikira. Akachepa ndiye kuti pali pamene pakudontha, ndipo wothira gasi osatseka bowo adzabweranso kudzatenga ndalama zina. Bwererani kusitolo ndi lisiti yanu. Akakuzembani, lembani kalata yodandaula, sungani kope lake, ndipo mukatule nkhaniyo ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma limene limamva madandaulo a ogula.